Tisanafunse za i7, tiyambe tafunsa za malaiti

Nkhani iyi tonse timaidziwa, cifukwa ngati siinaticitikile ife eni ake, inacitikila mnzathu wa mu komboni mwathu. Munthu wasunga ndalama miyezi 8. Walandila cilimba, wagulitsa foni yakale, mwina na amalume aikapo kangacepe. Afuna kompyuta ya pa tebulo kuti ayambe nchito: kupanga maposita a machechi na a ma kitchen party, kukonza mavidiyo a maukwati, kupanga ma beat mu FL Studio, olo kutsegula kashopu ka printing pafupi na msika. Akwela basi kupita mu town. Akalowa mu shopu, funso lake ni limodzi cabe: "Ba boss, muli na i7?"

Wogulitsa saganiza kawili. "Ilipo. Core i7, ya gaming. Onani cabe mwamene iwalila." Atulutsa bokosi la galasi m'mbali, mkati mafani atatu azungulila na tumalaiti tofiila na twa buluu. Pamwamba aikapo keyboard yowala ngati mbasela. Mnzathu alipila, abuka taxi kuti katundu asagundike mu basi. Papita miyezi itatu zonse zili bwino. Tsiku lina malaiti ayenda masana, iye aiwala kuzula pulagi pa khoma, ndipo abwela pakati pa usiku onse ali gone. M'mawa adina batani, zii. Wokonza makompyuta atsegula bokosi, anunkhiza, apukusa mutu: power supply yapsa, ndipo popita yatenga na motherboard. Ndiye aonjeza mau opweteka: "Nanga i7 yamene munagula iyi, mudziwa kuti ni ya 2012?" Akulu sananame pamene anati cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Ife tiona kuti posankha zida za kompyuta ya pa tebulo, ambili a ife timayambila kumcila. Timayamba na dzina la processor na maonekedwe a bokosi, ndalama zikatsala pang'ono m'pamene timakumbukila power supply, ndipo UPS timati tidzagula mwezi wa mawa. Timakopela mndandanda wa zida pa YouTube kwa anthu okhala ku America na ku Ulaya, kumene malaiti sakonda kuyenda ndipo cinthu cikafa amacibweza ku shopu popanda mkangano. Kuno ku Zambia dongosolo liyenela kutembenuzidwa. Funso loyamba likhale nchito imene makinawo adzagwila. Laciwili likhale malaiti amene adzawadyetsa. Zina zonse zibwele pambuyo.

Tiyambe na dzina limene limatidyela ndalama. Kampani ya Intel inatulutsa Core i7 yoyamba mu 2008, ndipo kwa zaka zambili pambuyo pake inapitiliza kutulutsa mibadwo yatsopano pansi pa dzina limodzimodzilo. Conco kukamba kuti "ni i7" kuli ngati kukamba kuti "ni Corolla" osachula caka. Cimene cimatiuza zoona ni nambala yobwela pambuyo pa dzina. Pa i7-3770, nambala 3 yoyambilila itanthauza m'badwo wacitatu, wa 2012. Pa i5-8500, nambala 8 ni m'badwo wa 8, ndipo inatuluka mu 2018. Pa i3-12100, nambala 12 ni m'badwo wa 12, wa 2022. Manje cimene ambili sitikhulupilila n'cakuti i3-12100 imaithamanga kutali i7-3770. Zonse ziwili zili na ma core 4, koma pakati pawo pali zaka 10 za kusintha kwa kapangidwe. Ngakhale i5-8500 ili na ma core 6, kuposa i7 yakale ija. Munthu amene akana i3 yatsopano n'kunyamula i7 yakale cifukwa 7 ni wamkulu kuposa 3 wagula nambala cabe.

Zaka za processor zili na mbali ina imene yafika pakhomo. Microsoft inaleka kuthandizila Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, ndipo ma processor amene imavomeleza, kupatulapo ocepa cabe, amayambila pa m'badwo wa 8 wa Intel na pa Ryzen 2000 ya AMD. Inde, tidziwa kuti pali anyamata amene amaikakamiza pa makina akale, ndipo imayaka. Koma ngati pa kompyuta imeneyo tidzasungapo mafailo a makasitoma, makope a ma NRC awo na ma password a ku banki, si nzelu kuyamba bizinesi na makina amene opanga Windows anawasiya kale. Kompyuta yakale si yotaya, Linux Mint olo Ubuntu imayenda bwino pamenepo ndipo ni yaulele. Koma igulidwe pa mtengo wa cinthu cakale, tikudziwa cimene tagula.

Manje tibwele ku khoma, kumene kompyuta iliyonse imayambila. Malaiti a dziko lathu, kupitilila 80 pelesenti, amacokela ku madzi, maka-maka ku Kariba na ku Kafue Gorge. Mvula ikavuta, malaiti nawo amavuta. Tinaziona mu 2015, tinazionanso mu 2019, ndipo 2024 palibe amene waiwala. Cilala cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko mu February caka cimeneco, ndipo pofika September madela ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Ngakhale zinthu zikhaleko bwino caka cina, kompyuta timagula kuti itisewenzele zaka zisanu olo kuposapo, ndipo m'zaka zisanu cilala cikhoza kubwelanso. Tikaikapo ziphaliwali za m'nyengo ya mvula na mawaya a m'nyumba zambili za lendi, mmene soketi imodzi imadyetsa filiji, TV na mbaula ya malaiti, tiona kuti makina athu amakhala pa malo ovuta kuposa a anzathu a pa YouTube aja.

Cida cimene cimayang'anizana na zonsezi ni power supply, kabokosi kacitsulo kamene kamabisala pakona ndipo palibe amene amakajambula. Nchito yake ni kutenga ma volt 230 a pa khoma n'kuwasandutsa 12, 5 na 3.3, amene motherboard, processor na zosungila mafailo zimafuna. Cida ciliconse mu bokosi cimadya kupitila mwa iko. Power supply yabwino imakhala na zoteteza mkati: ikaona kuti mphamvu yapitilila malile olo kuti pali short, imazima yokha. Ya gong'a imakhala na cipepala colembedwa 500W, koma ukainyamula ni yopepuka ngati cikopo copanda kanthu, ndipo ikamafa siifa yokha. Ndiye cifukwa cake timati cida cimeneci cisankhidwe coyamba, ndalama zikali zonse m'thumba.

Poisankha tiyang'ane zinthu zitatu. Coyamba, ikhale ya kampani imene tingaipeze pa intaneti na kuwelenga za model yeniyeniyo, monga Seasonic, Corsair olo Cooler Master, podziwa kuti na makampani odziwika ali na mitundu yochipa na yabwino. Caciwili, pa bokosi olo pa tsamba la opanga pakhale polembedwa zoteteza zija: OVP, OCP na SCP. Cacitatu ni cizindikilo ca 80 Plus, cimene citanthauza kuti pa malaiti amene ikoka pa khoma, osacepela 80 pelesenti amafika ku kompyuta, otsalawo ndiwo amatayika ngati kutentha. Cizindikilo cimeneci cikamba za kusawononga malaiti, sicilonjeza citetezo, conco cisatikwanile cokha. Ndipo tisanyengeke na nambala yaikulu. Kompyuta yopanda graphics card siifika olo pa 200W ikamagwila nchito zamasiku onse. Power supply yeniyeni ya 450W iposa ya bodza ya 800W.

Pakati pa khoma na power supply payenela kukhala mlonda wina. Ambili a ife tinagulila kale filiji ya amayi fridge guard, kaja kamene kamayembekeza mphindi zingapo malaiti akabwela kasanalole mphamvu kudutsa. Koma kompyuta ya ndalama zambili kuposa filiji timaiika pa adapta ya pa msika. UPS imacita zinthu ziwili: malaiti akayenda imatipatsa mphindi zocepa zakuti tisunge nchito na kuzima bwino, ndipo ikakhala na AVR imawongola mphamvu ikatsika olo ikakwela. Si jenileta, siidzatipatsa maola. Koma aliyense amene anataya vidiyo ya ukwati itatsala pang'ono kutha render, mkwati akuimba foni, adziwa mtengo wa mphindi zisanu. Pogula tikumbuke kuti VA si watts: UPS ya 650VA nthawi zambili imanyamula pafupi-fupi 360W mpaka 390W cabe, ndipo monitor nayo iwelengedwe. Batile ya mkati imatha pakapita zaka ziwili olo zitatu ndipo imasinthidwa, si kuti UPS yonse yafa. Amene ali na inverter panyumba afunse ngati ni ya pure sine wave, cifukwa ma power supply ambili amakono samvana bwino na ma inverter ochipa a mtundu winawo.

Malaiti amatithandizanso kuyankha funso limene limadya ndalama zambili kuposa onse: kodi tifunikadi graphics card? Tiyeni tiwelengele pamodzi. Yuniti imodzi pa mita ni 1,000W kwa ola limodzi. Kompyuta na monitor yake zikamakoka 100W kwa maola 8, ni mayuniti 0.8 pa tsiku, 24 pa mwezi. Makina olemela amene akoka 400W kwa maola omwewo adya mayuniti 3.2 pa tsiku, 96 pa mwezi. Pa batile kusiyana kumaonekela kwambili. Batile ya 12V 100Ah imasunga pafupi-fupi 1,200Wh, ndipo ngati ni ya lead-acid siifunika kutsitsidwa kupitilila theka. Conco makina a 100W adzasewenza maola pafupi-fupi asanu, pamene a 400W adzazima ola limodzi litangopitako pang'ono. Pa tsiku lopanda malaiti, kompyuta yocepa mphamvu imene ikali kuyaka imapanga ndalama, yamphamvu ija ili cete pa tebulo.

Sitikamba kuti graphics card ni yoipa. Wopanga zithunzi za 3D mu Blender, wokonza mavidiyo a 4K tsiku na tsiku, olo amene cimene afunadi ni masewela olemela, aifunika ndithu. Koma naye ayang'ane kadyedwe kake: RTX 3060 imafika pa 170W, RTX 4060 pa 115W, pamene RTX 4090 imafika pa 450W yokha. Kwa wa printing, wa maposita, wa ma beat na wophunzila programming, processor yokhala na graphics mkati ikwanila. Ryzen 5 5600G ya 2021, mwacitsanzo, ili na ma core 6, ni ya 65W, ndipo imaonetsa cithunzi popanda card iliyonse. Apa zilembo za kumapeto kwa dzina n'zofunika. Kwa Intel, F itanthauza kuti mulibe graphics mkati, ndiye i3-12100F popanda card siionetsa kanthu pa monitor. Kwa AMD pa soketi ya AM4, ni za G zimene zili na graphics. Ubwino wa kompyuta ya pa tebulo ni womwewu: card ingabwele caka ca mawa, nchito ikayamba kulipila, malinga power supply tinagula yabwino poyamba.

Ndalama zimene tapulumutsa pa tumalaiti na pa card zipite kumene zimamveka tsiku lililonse: RAM na SSD. Kompyuta zambili zimene timati ni zocedwa, vuto si processor, ni hard drive yakale ya mbale zozungulila mkati. Hard drive imawelenga ma megabyte 100 mpaka 200 pa sekondi, SSD ya SATA imafika ca m'ma 550, ndipo ya NVMe imapitilila 3,000. Windows na mapulogilamu zikhale pa SSD, hard drive ikhale nkhokwe ya mavidiyo na zithunzi zakale. Pa RAM, 8GB ni yakuti munthu alembe na kuyang'ana pa intaneti, koma wa Photoshop, Premiere olo FL Studio ayambile pa 16GB. Ndipo timitengo tuwili twa 8GB tumayenda bwino kuposa kamodzi ka 16GB, maka-maka ngati graphics ili mkati mwa processor, cifukwa imabweleka RAM yomweyo.

Tisanalipile ciliconse, tionetsetse kuti zida zikwatilana. Processor iliyonse ili na soketi yake: Ryzen 5000 imalowa pa AM4, Ryzen 7000 pa AM5, ndipo Intel ya m'badwo wa 12, 13 na 14 imalowa pa LGA1700. RAM nayo ili na mibadwo. DDR4 siilowa pa malo a DDR5, mpata wake unadulidwa posiyana, ndipo kukakamiza ni kuthyola. AM4 imafuna DDR4, AM5 imafuna DDR5 cabe, pamene ma motherboard a LGA1700 alipo a mitundu yonse iwili, conco tiwelenge pa bokosi. Tsamba la opanga motherboard limakhala na mndandanda wa ma processor amene imalandila, ndipo kuyang'ana kumatenga mphindi ziwili za bundle. Safunsa anadya phula. Bokosi lenilenilo lisankhidwe poganizila fumbi la August na kutentha kwa October: la tumabowo kutsogolo na sefa yocotseka liposa la galasi lotsekeka, ndipo likhale pa tebulo, osati pansi pamene tsache limapita m'mawa ulionse.

Ena adzati zonsezi n'za anthu a ndalama. Zoona, si onse angagule zida zatsopano cimodzi-cimodzi, ndipo palibe manyazi pa salaula ya makompyuta. Makina amene anacoka m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk na Lenovo ThinkCentre, anapangidwa kuti aziyaka tsiku lonse ndipo sadya malaiti ambili. Imodzi ya i5 ya m'badwo wa 8, tikaiika SSD na RAM ya 16GB, ingadyetse kashopu ka printing zaka zingapo. Koma tidziwe malile ake. Ambili ali na power supply na mapulagi a kampani yawo cabe, amene sasinthika na a wamba, ndipo m'mabokosi ang'ono-ang'ono aja graphics card yaikulu siikwana. Ni makina abwino kwa amene adziwa kuti sadzafuna kuwakulitsa kwambili. Cimene tikana ni kutenga motherboard ya mu ofesi ya zaka 12, kuiveka bokosi la galasi na mafani owala, n'kuichula gaming.

Enanso adzafunsa kuti, ngati malaiti ni vuto conco, bwanji osangogula laptop imene ili kale na batile? Funso limeneli ni la nzelu, ndipo kwa wophunzila amene amayenda pakati pa kalasi na boarding house yankho ni laptop, palibe mkangano. Koma kwa amene amasewenzela malo amodzi, ya pa tebulo ikali na mau. Pa ndalama zofanana imapeleka mphamvu zambili, siitentha msanga, ndipo cinthu cimodzi cikafa timasintha cimeneco cabe. Ma laptop ambili amakono RAM yake inawocheledwa pa motherboard, ndipo motherboard ikafa, makina onse apita. Tikasankha ya pa tebulo, ndiye kuti tavomela kuti batile imene laptop imabwela nayo ife tidzaigula payokha. UPS si cinthu coonjezela, ni mbali ya mtengo wa kompyuta. Malangizo athu ni akuti pa K100 iliyonse ya bajeti, K20 olo K25 ipatulidwe ya power supply na UPS tisanayambe kukambilana za processor. Ngati zotsala sizikwanila i5, tigule i3. Ngati sizikwanila card, card iyembekeze.

Pa tsiku logula, kaya ni mu shopu ya mu Cairo Road, ku Kamwala, ku Kitwe, ku Chipata olo kwa munthu wa pa Facebook Marketplace, makina ayatsidwe tikuona. Task Manager imaonetsa dzina lonse la processor na kukula kwa RAM. Tumapulogilamu twaulele monga CPU-Z, GPU-Z na CrystalDiskInfo tungayende pa flash m'thumba: tumaonetsa zimene zilidi mkati, ndipo CrystalDiskInfo imauza maola amene drive yakhala ikuyaka na thanzi lake. Tipemphe kuti atsegule bokosi tiwelenge cipepala ca pa power supply na maso athu. Pa lisiti palembedwe model ya cida ciliconse na masiku a warranty, osati "1 x computer" cabe. Ogulitsa ambili ni anthu oona mtima amene afuna kuti tikabwelenso, ndipo wotelo sakwiya na mafunso. Amene akwiya watiyankha kale.

Ndipo tivomeleze mbali yathu. Wogulitsa amabweletsa cimene ife timafunsa. Tikamalowa mu shopu tonse n'kufunsa i7 na tumalaiti, mashelufu adzadzala ma i7 a 2012 na tumalaiti. Tikayamba kufunsa kuti power supply ni ya kampani iti, processor ni ya m'badwo uti, UPS inyamula ma watts angati, katundu wa m'mashopu naye adzasintha. Mnzathu uja anayambanso kusunga, ndipo ulendo waciwili anabwela na bokosi lakuda losawala, i3 ya m'badwo wa 12, RAM ya 16GB, SSD na UPS pansi pa tebulo. Palibe amene amalijambula kuti aike pa status. Koma malaiti akayenda, UPS imalila, iye asunga nchito yake, azima, ndipo mawa lake makina ayakanso. Ndalama za cilimba zimabwela kamodzi pakapita miyezi yambili, tisazipeleke ku cinthu cimene cingafe usiku umodzi tili gone.